Mwana ali pa CDSS yomwe ana amangolephera MSCE, ndimuchotse?

Funsoli latumizidwa ndi mayi wina amene amachita geni ya tomato ndi usipa pa trading centre ina yaing'ono, ndangolifupikitsa pang'ono. Akuti: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2 pa CDSS ya kwathu kuno, mlongo wake wamng'ono ali Sitandade 4. Chaka ndi chaka zotsatira za MSCE zikatuluka pasukulu pathupa amakhala maliro, okhoza ndi owerengeka ndipo wopita ku yunivesite tinamuona kalekale. Makolo anzanga akuti vuto ndi ahedi, tiwathamangitse. Ine ndikuganiza zomuchotsa mwanayu ndikamuike pa pulayiveti ina yatsegulidwa kuseri kwa msika, olo ndalama zake ndi zovuta. Kodi vuto ndi chani kwenikweni, nanga nditani?"

Mayi, maliro mukunenawo ndimawadziwa, ndaphunzitsapo pa CDSS zaka zambiri ndipo tsiku lotuluka zotsatira enafe sitinkadutsa nkomwe pamsika, tinkazungulira kudambo. Koma mwina mudabwa, pa ana anu awiriwo amene akundidetsa nkhawa kwambiri si wa Fomu 2 ayi, ndi wa Sitandade 4 uja mwangomutchula modutsayo. Ndibwereranso kwa iyeyo. Za wamkuluyo musamuchotse kaye, ndipo anzanu aja ofuna kuthamangitsa ahedi auzeni ayambe aleza mtima.

Tiyambe ndi mmene mwana amafikira pa CDSS. Ana akalemba mayeso a Sitandade 8, a PSLCE aja, okhoza amakhala ambiri ndithu koma malo ku sekondale za boma ndi ochepa, osankhidwa safika ndi theka lomwe la okhozawo. Nde kusankhako kumayenda ngati kusefa ufa, amene akhoza pamwamba penipeni amapita ku ma national ngati Dedza, Blantyre Secondary, Lilongwe Girls kapena Mzuzu Government, otsatira amapita ku sekondale zogonera za m'boma lawo, kenako ma day a boma, otsalawo ndi amene amagwera pa CDSS yapafupi ndi kwawo. Mwaona? Ana a m'dera lanu amene anali akuthwa kwambiri anatengedwa kale asanaponde pasukulu mukuidandaulayo. Pakatha zaka 4 ife timayerekeza zotsatira za CDSS ndi za Dedza ngati kuti anayambira pamzere umodzi. Sindikunena kuti mwana wa pa CDSS ndi mbuli, ayi ndithu, ena anaphonya bodingi ndi malikisi ochepa chabe chifukwa anadwala malungo sabata ya mayeso, kapena kusukulu kwawo kunalibe mphunzitsi wa samu chaka chonse. Koma chiwerengero cha okhoza pachokha sichingakuuzeni ngati aphunzitsi akugwira ntchito kapena akugona.

Komanso paja ma CDSS sanabadwe ngati sekondale zenizeni. Anali ma MCDE, malo amene ana osasankhidwa ankawerengerako ma seti ochokera ku Malawi College of Distance Education mothandizidwa ndi aphunzitsi a pulayimale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linawasandutsa ma CDSS, koma chomwe chinasintha msanga ndi dzina, labu, layibulale, nyumba za aphunzitsi ndi aphunzitsi a dipuloma zinabwera mochedwa ndipo malo ena mpaka lero sizinafike. Ine ndinaphunzitsapo titration, phunziro la Chemistry losakaniza mankhwala dontho ndi dontho, ndi choko basi, chipangizo chake chotchedwa burette chojambula pabolodi, madontho ojambula, pofika posintha mtundu ndinkangowauza kuti ana inu khulupirirani pamenepa zimasanduka pinki. Ana omwewo MANEB inawapatsa practical yofanana ndendende ndi ya mwana amene wakhala akusewera ndi zipangizozo kuyambira Fomu 1. Wina anagwira pipette, kachubu koyezera mankhwala, ngati akugwira njoka.

Koma muzu weniweni uli ku pulayimale, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachoka pafupifupi 2 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ambirife abale athu anaphunzira chifukwa cha chimenechi, koma walira mvula walira matope, makalasi sanachuluke ndi liwiro limenelo ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji n'kumawaphunzitsa ali kale pantchito. Kuyambira pamenepo sitinapezenso mpweya. Mlingo womwe unduna umafuna ndi mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma pitani mu Sitandade 1 ya pa trading centre mukaone, ana kupitirira 100 atakhala pansi mothithikana, ena pansi pa mtengo wa mango, mvula ikangochita mdima sukulu yaweruka. Ndipo chodabwitsa n'choti sukulu zambiri zimaika aphunzitsi angapo ku Sitandade 8 komwe ana ndi ochepa chifukwa ndi komwe kuli mayeso ndi mbiri ya sukulu, ku Sitandade 1 ndi 2 kumene kuli chinamtindi cha ana n'kusiyako mayi mmodzi yekha akusasa mawu. Mwana wokhala kumbuyo m'kalasi yoteroyo amaphunzira kuimba, osati kuwerenga. Aphunzitsi akati "a e i o u" iye amayankha mokweza bwinobwino ndi anzake, koma mukamulozera chilembo chimodzi payekha amangoyang'ana kudenga. Amabwereza kalasi, abwerezanso, kenako amangomukankhira kutsogolo poti wakula. Kafukufuku wa SACMEQ wa 2007 amene anayesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa anaika Malawi pansi penipeni pa kuwerenga, ndipo mu 2016 kunabwera National Reading Programme ija ya mabuku a Chichewa ndi Chingerezi a makalasi oyambirira.

Nde pamwamba pa zimenezo pali khoma la Sitandade 5. Makalasi oyambirira mwana amaphunzira kwambiri m'Chichewa, akafika Sitandade 5 mabuku a sayansi, samu, social zonse zimatembenuka kukhala Chingerezi. Mwana wa ku Area 47 kapena Namiwawa Chingerezi amachimva pa TV ndi kunyumba, wa kwanuko amachimva pakamwa pa aphunzitsi pokha, mwinanso aphunzitsiwo theka la periyodi akufotokoza m'Chichewa kuti ana amveko. Chimene mwana amachita pamenepo ndi kuloweza. Amakopera manotsi, kuloweza, kukalavula pamayeso, ndipo njira imeneyi imatha kumuolotsa Sitandade 8 chifukwa mafunso ambiri ndi osankha yankho, imamukankhanso pang'ono pa JCE, koma pa MSCE imamutaya poti kumeneko funso limati explain, discuss, ndipo mwana sakumva chomwe afunsidwa. Ndachongapo mapepala a ana amene yankho akulidziwa bwinobwino mukawafunsa m'Chichewa, koma papepala analemba zina chifukwa cha liwu limodzi la mufunso. Ndipo lamulo la MANEB ndi louma, kuti mwana apatsidwe satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi, limodzi likhale kirediti (giredi ya 1 mpaka 6), kapena 5 koma makirediti atatu, Chingerezi chikhalemobe. Akapeza 9, giredi yolephera, pa Chingerezi olo atakhala ndi 2 pa Agriculture ndi 3 pa Chichewa, walephera basi. Ana ambiri a pa CDSS amene mumamva kuti alephera, chawagwetsa ndi chimenechi. Mayeso a Fomu 4 ambiri analepheredwa kale mwana ali Sitandade 2, zotsatira zimangochedwa kutuluka.

Tsono moyo wa pa trading centre uli ndi zake zomwe kumudzi kwenikweni kulibe ndipo m'tauni yaikulu zimabisika. Tsiku la msika pitani mukawerenge ana m'kalasi. Wina wapita kukagulitsa mandasi a mayi ake, wina akunyamula katundu wa a kaunjika, mnyamata wa Fomu 3 wabwereka njinga yamoto akupanga kabaza ndipo madzulo ali ndi ndalama m'thumba yomwe mphunzitsi wake alibe pakati pa mwezi, nde mumuuze kuti sukulu ndi tsogolo akuyang'ana mkulu wake amene anakhoza MSCE zaka zitatu zapitazo ali pakhomo. Ngati msika umachitika kamodzi pasabata, mwana wojomba tsiku limenelo lokha wataya tsiku limodzi mwa masiku asanu aliwonse, pachaka ndi masabata angapo athunthu, ndipo samu salola zimenezo, ukaphonya sitepe imodzi zotsatira zonse ndi mdima. Onjezanipo mavidiyo sho, pool, kubetcha mpira pafoni. Onjezaninso teremu yachiwiri, Januwale mpaka Malichi, yomwe imagwa m'nyengo ya njala ndi ganyu wopalira, mitsinje yadzaza, ana akubwera m'mimba muli pululu, pomwe ndi teremu yomwe silabasi imayenera kuthamanga mayeso asanafike. Ku pulayimale kumene kuli phala la Mary's Meals, lomwe linayamba kuno mu 2002, mumaona nokha mmene ana amachulukira, koma ku CDSS kulibe phala, mwana wapalasa kapena wayenda makilomita angapo ndipo adya akabwerera madzulo. Zaka zapitazi kunabweranso zina, Covid inatseka sukulu miyezi ingapo mu 2020, Freddy anagwetsa makalasi kum'mwera mu Malichi 2023 ndipo ena otsala anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Ana amene anali makalasi oyambirira nthawi imeneyo mpata umenewo akuyenda nawo mpaka pano.

Kwa mwana wamkazi ngati wanuyo kuli zinanso. Ntchito zapakhomo zimamudyera nthawi yowerenga kuposa mlongo wake, masiku akumwezi ena amajomba ngati pasukulu palibe chimbudzi chabwino ndi madzi, ndipo pa trading centre pamaima mathiraki, pali mavenda a ndalama zapompopompo. Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi a self-boarding, ana ochokera kutali amene amachita lendi kachipinda kuseri kwa mabala opanda wamkulu wowayang'anira, ufa ukatha pakati pa mwezi mukudziwa nokha zomwe zimachitika. Inu muli ndi mwayi woti mwana akugona pakhomo panu, mwayi umenewo musaupeputse pofuna kumutumiza kutali. Ndipo anzanu amene ana awo anatenga mimba auzeni kuti lamulo lowalola kubwerera kusukulu akabereka lilipo kuyambira 1993, amayi a Mother Group amathandiza zimenezi, komanso ukwati wa mwana wosafika zaka 18 malamulo a dziko lino anautseka kotheratu mu 2017.

Za aphunzitsi sindibisa, alipo aulesi, alipo obwera atalawa, alipo amene mphamvu zawo zonse amasungira open school ya masana chifukwa ndi yomwe ili ndi kangachepe. Koma ambiri vuto lawo ndi loti mmodzi akuphunzitsa Biology, Agriculture ndi Chemistry kuyambira Fomu 1 mpaka 4, ina mwa imeneyo sanaiphunzire ku Domasi kapena ku Nalikule, akungotsogola ana ndi tsamba limodzi. Wa samu wabwino akabwera amakhala chaka chimodzi n'kupempha transfer poti nyumba palibe.

Nde za ahediwo. Musawaweruze ndi zotsatira zokha, aweruzeni ndi zinthu zomwe zili m'manja mwawo. Periyodi yoyamba m'mawa aphunzitsi amakhala ali m'kalasi kapena ali pansi pa mtengo? Tsegulani makope a mwana wanu, anachongedwa liti komaliza? Mabuku ochepa omwe alipowo ana amabwereka kapena atsekeredwa mu ofesi kuopa kubedwa? Ndalama zomwe zimalowa pasukulupo, pa msonkhano wa PTA amawerenga mmene zayendera? Ngati izi zili bwino, ahediwo akuyesetsa ndipo mukawathamangitsa mudzalandira ena amene adzapeze ana omwewo, labu yomweyo kulibe. Ngati zili zovunda, lembani kalata ngati PTA mupite nayo ku ofesi ya division chifukwa sekondale zimayang'aniridwa kumeneko, za pulayimale ndi zomwe zimadzera kwa a PEA, alangizi a m'zoni aja, ndi ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu. Zotseka ofesi ndi minga, kugenda nyumba za aphunzitsi, ndinaziona pasukulu ina, ana anakhala masabata osaphunzira, aphunzitsi atatu anapempha kuchoka, ndipo mbiri itamveka palibe amene ankafuna kutumizidwako.

Pulayiveti ya kuseri kwa msikayo, chikomekome cha mkuyu. Zilipo za pulayiveti zabwino kwambiri, makamaka za mishoni, koma fizi yake si ya geni ya tomato, tinene zoona. Zotchipa zambiri za pa trading centre zimatenga ana amene sanasankhidwe nkomwe, aphunzitsi ake ena ndi ana a Fomu 4 a chaka chatha, ena ndi omwewo a pa CDSS akubwera kudzapanga ganyu. Musanatulutse kobiri kafunseni ngati ili yolembetsedwa ku unduna ndiponso ngati ili ndi centre number ya MANEB kapena ana amakalembera kwina. Akakuuzani kuti ife ana onse anakhoza, afunseni kuti Fomu 4 munali ana angati ndipo amene analemba m'dzina la sukuluyo ndi angati, chifukwa ena amachenjera, ana ofooka amawalembetsa ngati ma external kuti chiwerengero chioneke chokongola. Ganiziraninso mwezi umene geni yavuta, pa pulayiveti mwana amabwezedwa pageti tsiku lomwelo, ndipo mwana wobwezedwa masabata atatu teremu iliyonse ali pamavuto kuposa wa pa CDSS amene akulowa m'kalasi tsiku ndi tsiku. Malo a boma ukawasiya kuwapezanso ndi ntchito. Komanso ali Fomu 2, chaka cha JCE, mayeso aja anachotsedwa kenako n'kubwezeretsedwa mu 2021, kusamutsa mwana atalembetsa kale mayeso ndi kudziputira mutu waching'alang'ala.

Ndalama yomwe mukanapereka ku pulayivetiyo, olo theka lake, ine ndikanaigwiritsa ntchito chonchi. Kanyale ka sola kuti aziwerenga usiku osadalira tochi ya foni yanu. Dikishonale yaing'ono, olo yakale ya pa kaunjika wa mabuku. Mabuku a Chingerezi ndi samu akeake, ena angathe kugawana ndi anzake, ndi ma past paper a MANEB ochita fotokope. Kenako nthawi, yomwe ndi yodula kuposa zonsezi kwa mayi wa geni, tsiku la msika asajombe, bola adzakuthandizeni akaweruka kapena Loweruka, ndipo madzulo pakhale maola awiri amene palibe womutuma. Chingerezicho asamangoloweza manotsi a grammar, aziwerenga nkhani, nyuzipepala zakale zomwe mumakulungira usipazo aziyamba wawerenga iye, azimvera nkhani za Chingerezi pa wailesi n'kukufotokozerani m'Chichewa zomwe wamva, inu simukusowa kudziwa Chingerezi kuti muone ngati akumva kapena akungopeka. Sabata iliyonse alembe composition imodzi apititse kwa aphunzitsi, mphunzitsi amene mwana wamutsatira yekha ndi kope kawirikawiri sakana. Apeze anzake atatu kapena anayi olimbikira apange study circle, osati gulu la khumi lomwe limathera nkhani za zibwenzi. Ana a pa CDSS amene ndinawaona akupita ku yunivesite pafupifupi onse anali ndi kagulu kotere, ankamaliza okha mitu yomwe aphunzitsi sanafike.

Akamalowa Fomu 3 nkhani yosankha maphunziro mukhale nayo pafupi. Ku yunivesite za boma, kaya UNIMA, MUBAS, LUANAR, MZUNI, MUST kapena KUHeS, kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, kirediti ndi 6 kutsika m'munsi mpaka 1, ndipo mapointi amawerengera maphunziro 6 amene wakhoza bwino. Nde mwana asamwaze mphamvu pa maphunziro 10, komanso asathawe samu ndi sayansi chifukwa choti anzake akuti n'zovuta, makosi ambiri a unamwino, ulimi ndi uinjiniya amatsekeka pomwepo. Ngati pasukulupo palibiretu mphunzitsi wa Physics kapena Chemistry, apo ndiye pali chifukwa chomveka chofunira malo pa sekondale ina ya boma akamaliza JCE, kudzera ku division, osati kuthawira kuseri kwa msika. Ndipo anthu a kwanuko asamayeze sukulu ndi yunivesite yokha, kuli ma TTC, makoleji a zaumoyo, ma technical ngati Namitete, Nasawa, Soche ndi Salima kudzera ku TEVETA, onsewa amafuna MSCE yooneka bwino. Ngati zafika povuta kwenikweni kafunseni za bursary ku ofesi ya social welfare kwa DC, komanso CAMFED imathandiza atsikana m'maboma ambiri, ahedi omwewo ndi amene amadziwa mmene maina amapitira.

Tsopano mnyamata wa Sitandade 4 uja. Madzulo ano mutengereni buku lake la Chichewa, mutsegule tsamba lomwe sanaphunzire, osati lomwe analoweza, mumuuze awerenge mokweza. Mvetserani ngati mawu akutuluka ngati munthu akuyankhula kapena akudula ma-ta-ma-ndo chilembo chilembo, ndipo akamaliza mutseke bukulo mumufunse kuti nkhaniyo imati chani. Kenako mlongo wake amuyese chimodzimodzi ndi buku la Chingerezi la Sitandade 3. Akakakamira musamukalipire ndipo musadikire lipoti la teremu, lipoti limatha kunena kuti nambala 15 pa ana 120 pomwe onse 120 akuvutika. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake, apempheni amuike kutsogolo ndipo muwafunse ngati buku angamabwere nalo kunyumba, sukulu zambiri zimalola kholo likasainira. Tsiku lililonse mphindi 20 aziwerenga mokweza ndi mlongo wakeyo, Chichewa kaye mpaka chiziyenda, chifukwa mwana amene wagwira kuwerenga m'chiyankhulo chake Chingerezi sachedwa nacho, ndipo wamkuluyo pophunzitsa mng'onoyo nayenso chake chikhala chikukhwima. Pa msonkhano wa komiti ya sukulu ya pulayimale, mukapeza mpata wolankhula, funsani kuti Sitandade 1 ndi 2 kuli aphunzitsi angati ndipo Sitandade 8 kuli angati, mufunsenso kuti ndalama ya SIG, ija boma limapereka yotukulira sukulu, chaka chino yagula chani chokhudza kuwerenga. Mwatsala ndi miyezi yochepa mwanayo asanalowe Sitandade 5, muyambe lero lomwe.